M'mimba mukavuta chifukwa cha chakudya: mafunso ndi mayankho pa Bactrim, Flagyl ndi makapisozi

Kwathu kuno munthu akangoti m'mimba mwayamba kupotokola, nzeru yoyamba imakhala kutuma mwana pa golosale kuti akagule Flagyl awiri ndi Bactrim. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka kawirikawiri pa nkhaniyi. Mayankho ake akuthandizani kudziwa pamene mungadzisamalire pakhomo ndi pamene muyenera kunyamuka kupita kuchipatala, koma sangalowe m'malo mwa kupimidwa.

Chakudya chingandidwalitse bwanji poti sichinasase, ndipo chinkakoma bwinobwino?

Kusasa ndi kudwalitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Tizilombo timene timawoletsa ndiwo n'kuzinunkhitsa nthawi zambiri si timene timagoneka munthu. Mabakiteriya oopsa monga Salmonella, Campylobacter, Shigella ndi mitundu ina ya E. coli sasintha fungo kapena kakomedwe ka chakudya, choncho mphuno siingakuchenjezeni.

Kwawo kwenikweni kwa mabakiteriyawa ndi m'matumbo a nkhuku, ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi anthu. Amafika m'mbale yanu kudzera pa mpeni umene watumbula nkhuku kenako n'kudula tomato ndi anyezi wa saladi, m'madzi a pachitsime chosatetezedwa, pa miyendo ya ntchentche, kapena m'manja mwa munthu amene wangosintha mwana thewera. Akapeza malo ofunda, ena amagawika pawiri pa mphindi 20 zilizonse. Ndiwo zophikidwa m'mawa n'kungovindikiridwa mpaka madzulo m'mwezi wa Okutobala zimakhala zawapatsa nthawi yokwanira.

Vutoli si laling'ono. Mu 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerengetsa kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni padziko lonse amadwala chifukwa cha chakudya, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka 5.

Ndingadziwe bwanji chakudya chimene chandidwalitsa?

Ambiri timaloza chala chimene tadya komaliza, koma nthawi zambiri timanamizira chakudya chosalakwa. Chimene chimathandiza ndi kuwerenga nthawi.

Ngati mwayamba kusanza kwambiri patangopita mphindi 30 mpaka maola ochepa chidyereni, kawirikawiri ndi poizoni amene mabakiteriya anasiya kale m'chakudyamo. Staphylococcus aureus, amene amakhala pakhungu, m'mphuno ndi m'zilonda za ophika, amachita zimenezi. Bacillus cereus nayenso amatero, makamaka mu mpunga wophika umene wakhalitsa pamtetete. Matenda otere amabwera mwaukali koma amatha msanga, nthawi zambiri tsiku limodzi.

Salmonella amayamba pakati pa maola 6 ndi masiku 6, ndipo amabwera ndi kutentha thupi, kupotokola ndi kutsegula m'mimba kwa masiku 4 mpaka 7. Campylobacter, amene amakonda nkhuku yosapsa bwino ndi mkaka wosawiritsa, amadikira masiku 2 mpaka 5. Ndiye kuti amene wakudwalitsani Lachinayi akhoza kukhala kanyenya wa Lolemba, osati nsima ya dzulo.

Tinadya pa ukwati ndipo ambirife tadwala. Kodi wina anatithirira mankhwala?

Musafulumire kuyambana ndi abale. Chakudya cha pa ukwati, pa chinkhoswe, pa maliro ndi m'masukulu ogonera komweko chimaphikidwa m'miphika ikuluikulu, mbandakucha, n'kudzadyedwa masana kapena madzulo. Mphika waukulu wa nyama umachedwa kuzizira, ndipo pakati pake pamakhala pofunda kwa maola ambiri. Pali bakiteriya wotchedwa Clostridium perfringens amene njere zake sizifa pophika. Zimadzuka mumphika wofundawo n'kuchulukana. Odya amayamba kupotokola ndi kutsegula m'mimba pakadutsa maola 6 mpaka 24, ambiri pa nthawi imodzi. Palibe amene wathira kanthu. Walakwa ndi mphika umene unaphulidwa msanga.

Komabe si matenda onse a chakudya amene amachokera kwa mabakiteriya. Bowa wakupha, chinangwa chowawa chosaviika mokwanira, ndi mankhwala a m'munda monga tameki zimapha, ndipo maantibayotiki, amene ndi mankhwala opha mabakiteriya monga Bactrim ndi Flagyl, sangachite kanthu pa zimenezi. Ngati odwala akutuluka dovu kwambiri, akunjenjemera, akulephera kupuma, sakuona bwino kapena akukomoka, thamangani nawo kuchipatala ndipo mutenge chakudya chotsalacho. Anthu ambiri akadwala pamodzi, dziwitsaninso mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, chifukwa kolera nayenso amayamba chonchi.

Ndayamba kutsegula m'mimba. Choyamba kuchita n'chiyani?

Bwezerani madzi. Chimene chimapha munthu wotsegula m'mimba nthawi zambiri si kachilomboko, koma kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, ndipo muzimwa pang'onopang'ono nthawi iliyonse mukachoka kuchimbudzi. Mwana wosakwana zaka 2 mum'patse mamililita 50 mpaka 100 akangochita chimbudzi, ndi supuni. Wa zaka 2 mpaka 10 amwe mamililita 100 mpaka 200. Wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso mosathamanga. Wotsala akatha maola 24 mutaye, musungunule wina.

Ngati Thanzi palibe, thirani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Mchere musapyoze muyezo, makamaka kwa mwana.

Mwana apatsidwenso zinki kwa masiku 10 mpaka 14: mamiligalamu 20 pa tsiku ngati wakwana miyezi 6, ndi 10 ngati sanakwane. Zinki amafupikitsa matendawo ndipo amateteza mwana kwa miyezi ingapo yotsatira. Woyamwa apitirize kuyamwa, ndiponso pafupipafupi. Chakudya musamumane poganiza kuti m'mimba mupume. Phala, nthochi, mpunga, mbatata, zonsezi adye.

Ine ndikamwa Flagyl kapena Bactrim ndimachira nthawi zonse. Mukuti sagwira ntchito?

Funso ili ndiye mutu wa nkhani yonse. Kutsegula m'mimba kwamadzimadzi kwa munthu wamkulu wathanzi kumatha kokha pakadutsa masiku ochepa, kumwa mankhwala kapena osamwa. Mumadwala Lolemba, Lachiwiri mumamwa Flagyl, Lachitatu mumadzuka bwino, ndiye ulemu wonse mumapereka kwa Flagyl pamene ntchitoyo yagwiridwa ndi thupi lanu.

Taonani chimodzichimodzi. Ngati chakudwalitsani ndi poizoni wa Staphylococcus kapena Bacillus cereus, palibe choti mankhwala aphe, popeza poizoniyo anapangidwira mumphika, osati m'mimba mwanu. Ngati ndi vairasi, monga rotavirus amene amavutitsa ana kapena norovirus, maantibayotiki samukhudza n'komwe. Ngati ndi Salmonella wamba amene sanalowe m'magazi, kafukufuku anaonetsa kuti maantibayotiki safupikitsa matendawo, ndipo amachititsa kuti munthu azitulutsabe tizilomboto m'chimbudzi kwa nthawi yaitali, n'kumapatsira ena.

Nanga Flagyl? Dzina lake lenileni ndi metronidazole, ndipo ndi mankhwala abwino pa ntchito yake: amapha amiba, giardia ndi mabakiteriya ena amene amakhala malo opanda mpweya. Salmonella ndi Shigella samuopa. Bactrim anali wamphamvu kale, koma lero mabakiteriya ambiri a m'matumbo kuno kwathu anasiya kumumva. Ndiye ndalama imene mwapereka pa golosale paja bwenzi mutagulira Thanzi ndi sopo.

Chabwino, mwina sathandiza. Koma akuwononga chiyani? Si bwino kungomwa kuti mwina?

Akuwononga zitatu. Choyamba ndi mimba yanu yomweyo. M'matumbo mwa munthu muli mabakiteriya abwino miyandamiyanda amene amathandiza kugaya chakudya ndi kutsekereza oipa. Maantibayotiki sasankha, amapsereza onse, ndiye n'chifukwa chake iwo eni amatsegulitsa m'mimba, ndipo amayi ambiri akamwa amatuluka mauka oyabwa. Bactrim kwa anthu ena amasupula khungu ndi m'kamwa moti munthu amagonekedwa.

Chachiwiri n'chakuti pali mtundu wa E. coli wotsegulitsa m'mimba mwa magazi umene, ukakumana ndi maantibayotiki ena, umatulutsa poizoni wochuluka, ndipo chiopsezo choti impso za mwana ziwonongeke chimakula. Ichi n'chifukwa chimodzi chimene magazi m'chimbudzi safunika kudzigulira mankhwala.

Chachitatu ndicho chachikulu, ndipo chikuyankhidwa m'funso lotsatirali.

Amati tizilombo tikusiya kumva mankhwala. Kodi ndiye kuti thupi langa lazolowera?

Ayi, amene amazolowera si thupi lanu, ndi mabakiteriyawo. Nthawi iliyonse mukamwa maantibayotiki, mabakiteriya ofooka amafa, ndipo ochepa amene ali ndi njira yodzitetezera amatsala n'kuswana popanda opikisana nawo. Choipitsitsa n'chakuti mabakiteriya amabwerekana luso limeneli, ngakhale a mitundu yosiyana. E. coli wa m'matumbo mwanu amene wapulumuka makapisozi a lero akhoza kudzakudwalitsani chikhodzodzo chaka chamawa, kapena kudutsa m'manja mwanu kupita kwa khanda la m'nyumba mwanu. Munthu amene sanamwepo kapisozi ngakhale mmodzi akhoza kutenga kachilombo kosamva mankhwala kuchokera kwa mnansi wake.

Amalawi izi tinaziona kale ndi malungo, ngakhale kuti kachilombo ka malungo si bakiteriya. Chloroquine anatha mphamvu, ndipo mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Fansidar nayenso anafooka, mpaka mu 2007 kunabwera LA. Pali chinthu cholimbikitsa pa mbiri imeneyi: chloroquine atachotsedwa kwa zaka zingapo, ofufuza ku Blantyre anapeza kuti tizilombo ta malungo tayambiranso kumumva. Si mankhwala onse amene amabwerera chonchi, komabe zikuonetsa kuti kamwedwe kathu n'kamene kamasintha tizilomboti.

Pa mabakiteriya, umboni uli pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, pamene ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akupima magazi a odwala kuyambira mu 1998. Anapeza kuti Salmonella wolowa m'magazi anasiya kumva ampicillin, chloramphenicol ndi Bactrim, mankhwala otsika mtengo amene zipatala zinkadalira, ndipo mabakiteriya ena monga Klebsiella ayamba kukana ngakhale jekeseni wa ceftriaxone. Jekeseni ameneyu akakanika, otsala ndi odula kwambiri ndipo sapezeka m'zipatala zambiri za m'maboma. Padziko lonse, kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet anawerengetsa kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, ndipo chigawo chimene chinapwetekeka kwambiri ndi chathu chino, kum'mwera kwa Sahara.

Ndiye maantibayotiki amafunika liti?

Alipo matenda a m'mimba amene popanda maantibayotiki munthu angafe, ndipo n'chifukwa chake tikuti asungidwe.

Kamwazi, pamene chimbudzi chili ndi magazi ndi zonanda, thupi likutentha, kawirikawiri amayamba ndi Shigella, ndipo kuchipatala amapereka mankhwala monga ciprofloxacin. Kamwazi wa amiba ndiye wa Flagyl. Kusiyanitsa awiriwa si kwa pa golosale. Tayifodi amafunika maantibayotiki nthawi zonse. Makanda osakwana miyezi 3, ana onyentchera, okalamba, odwala khansa, a sickle cell ndi amene chitetezo chawo chatsika chifukwa cha HIV, kwa iwowa Salmonella salekera m'matumbo, amalowa m'magazi, ndipo dokotala sachedwa kupereka mankhwala.

Kolera ndi chitsanzo chabwino cha mmene zinthu ziyenera kukhalira. Pa mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700, chimene chinkapulumutsa odwala m'misasa ndi Thanzi ndi dilipi. Maantibayotiki monga doxycycline amawonjezeredwa kwa amene adwalika kwambiri, pofuna kufupikitsa kutsegulako, koma okha sangabweze madzi amene munthu wataya. Wodwala kolera amene wamwa makapisozi n'kugona m'nyumba akhoza kufa tsiku lomwelo.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziyenera kudikira mawa?

Chimbudzi chamagazi. Chimbudzi choyera ngati madzi otsukira mpunga, chongotuluka mosalekeza. Kusanza chilichonse, ngakhale madzi. Kusakodza kwa maola ambiri, maso kulowa, kuuma m'kamwa, chizungulire poimirira. Kutentha thupi kwambiri, mimba kuuma gwa ndi kuwawa osakhudzika, kusokonezeka mutu. Kwa mwana: kukana bere, kulefuka, kugona osadzutsika, kukomoka, kulira popanda misozi, khungu la pamimba losabwerera msanga mukalitsina, ndi liwombo lolowa. Liwombo likalowa, si lofuna kumatidwa mankhwala pamutu. Mwanayo watha madzi. Pitirizani kum'patsa Thanzi muli m'njira.

Wamkulu amene wakwanitsa masiku 3 osasintha, naye apite. Ndipo kulikonse kumene pali kutentha thupi, pimitsani malungo, chifukwa kwa ana malungo amabwera ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba komwe.

Ndinayenda mtunda wautali kupita kuchipatala, koma anangondipatsa Thanzi ndi zinki. Si kundipeputsa kumeneko?

Kudandaulako n'komveka. Munthu walipira kabaza, waima pamzere kuyambira m'mawa, ndiye akufuna kubwerera ndi kanthu kooneka. Koma ngati adokotala afunsa za magazi m'chimbudzi, apima malungo, aona maso ndi khungu la mwana, kenako n'kulemba Thanzi ndi zinki, achita ndendende zimene malangizo a unduna wa zaumoyo amanena. Amene amalemba maantibayotiki kwa aliyense wolowa pakhomo pofuna kusangalatsa wodwala, kapena chifukwa mankhwalawo akugulitsa yekha, ndiye wokayikitsa.

Muli ndi ufulu wofunsa. "Adokotala, mwanayu akudwala chiyani? Ndione zotani kuti ndibwerenso?" Mayankho a mafunso awiriwa ndi ofunika kuposa jekeseni amene ena amachita kupempha.

Nthawi iliyonse ndikadwala amandipeza ndi tayifodi. Zimatheka?

Tayifodi ndi weniweni ndipo ndi woopsa. Amayamba ndi Salmonella Typhi, amene amakhala mwa anthu okha ndipo amafala kudzera m'madzi ndi chakudya chokhudzana ndi chimbudzi. Chizindikiro chake chachikulu ndi kutentha thupi kosatha kwa masiku ambiri, mutu, kufooka ndi kuwawa m'mimba. Ena amadzimbidwa m'malo motsegula. Akalekereredwa amaboola matumbo. Ku Blantyre odwala anachuluka kwambiri kuyambira mu 2011, chifukwa cha mtundu umene sumva mankhwala atatu akale aja. Ku Pakistan zinafika poipa kuposa apa: mu 2016 kunabuka tayifodi wokana ciprofloxacin ndi ceftriaxone yemwe.

Koma kupezeka ndi tayifodi mwezi ndi mwezi n'kokayikitsa. Kapimidwe ka Widal, kamene kamachitika m'malo ambiri chifukwa n'kotsika mtengo, kamatha kuonetsa kuti muli naye pamene munangokumana ndi kachilomboko kale, kapena mukudwala malungo. Njira yodalirika ndi kubzala magazi mu labotale kuti kachilomboko kamere, n'kuona mankhwala amene kakuwamva. Ngati mwamwa ciprofloxacin kangapo chaka chimodzi, pitani ku chipatala chachikulu ndi buku lanu kuti akafufuze chimene chikukuvutani kwenikweni.

Katemera alipo. Atayesedwa pa ana a ku Ndirande ndi Zingwangwa n'kuoneka kuti amateteza, mu Meyi 2023 boma linapereka katemera wa tayifodi kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, ndipo tsopano amaperekedwa ku sikelo.

Ndili pa ma ARV ndipo ndimamwa Bactrim tsiku lililonse. Ndisiye?

Ayi, musasiye. Wanuyo ndi woteteza ku chibayo, malungo ndi matenda ena olowerapo, ndipo ubwino wake ndi wotsimikizika. Chimene simuyenera kuchita ndi kugawirako a m'nyumba akadwala m'mimba, kapena kuwonjezera mlingo nokha. Mukatsegula m'mimba ndi kutentha thupi, pitani msanga.

Andilembera maantibayotiki. Ndimwe bwanji kuti agwire ntchito?

Monga mmene alembera: mlingo wake, nthawi zake, masiku ake. Katatu pa tsiku ndiye kuti pafupifupi maola 8 aliwonse, osati onse atatu masana. Musasiyire panjira kuti otsalawo musungire tsiku lina, ndipo musagawane ndi mnzanu ngakhale zizindikiro zikufanana. Ngati ndalama sizikukwana mlingo wonse, nenani kwa adokotala kapena a ku famase; kugula makapisozi anayi mwa makumi awiri ndiko kuphunzitsa kachilombo. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza za mlingo woperewera womwewu polandira mphoto ya Nobel mu 1945.

Ciprofloxacin musamwere mkaka kapena chambiko, ndipo atalikirane maola angapo ndi zinki, mapiritsi owonjezera magazi ndi mankhwala a chilungulira, chifukwa zimenezi zimam'manga m'matumbo osalowa m'thupi. Flagyl sayenderana ndi mowa. Oyembekezera ndi oyamwitsa anene asanalandire mankhwala. Mukatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika, siyani pomwepo n'kubwerera kuchipatala.

Za kogula: mwalamulo maantibayotiki amagulitsidwa m'malo ovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira za mankhwala la PMRA, ndiponso pokhapokha pali chikalata cha dokotala. A pamsika, oyanikidwa padzuwa m'timapepala topanda dzina ndi tsiku lothera ntchito, simungadziwe ngati ali enieni.

Nanga mapiritsi oimitsa m'mimba, kokakola wothira mchere, kapena masamba a gwafa?

Mapiritsi oimitsa m'mimba otchedwa loperamide amangomanga matumbo. Wamkulu amene ali pa ulendo wa basi ndipo alibe magazi m'chimbudzi kapena kutentha thupi akhoza kumwa, koma kwa ana ndi kwa wodwala kamwazi ndi woopsa. Zakumwa zotsekemera zili ndi shuga wambiri amene amakokera madzi m'matumbo, kutsegulako n'kuwonjezeka. Madzi a zitsamba sabweza mchere umene watayika, ndipo ngozi yake yaikulu ndi kuchedwetsa ulendo wa kuchipatala.

Ndine woyembekezera. Pali chosiyana?

Chilipo. Bakiteriya wotchedwa Listeria amaswana ngakhale mufiriji, ndipo mayi akhoza kungomva ngati chimfine pamene mwana m'mimba akuvulala: pathupi kuchoka, kubereka mwana wakufa, kapena khanda lodwala kwambiri. Achibale athu a ku Joni akukumbukira za 2017 ndi 2018, pamene anthu oposa 1,000 anadwala ndipo oposa 200 anamwalira ku South Africa, gwero lake n'kupezeka kuti ndi poloni wa fakitale ina ya ku Polokwane. Poloni, masoseji ndi nyama zina zodyedwa zozizira muzizitenthetsa mpaka zitenthe ndithu, ndipo mkaka wa m'khola muziwiritsa. Mukatentha thupi muli ndi pakati, musadzigulire kanthu, pitani kuchipatala.

Ndimaweta nkhuku. Nkhaniyi ikundikhudza pati?

Pakatikati penipeni. Alimi ambiri amathira oxytetracycline ndi mankhwala ena m'madzi a nkhuku kuyambira zili anapiye, zisakudwala n'komwe, ndipo kumudzi ena amatsegula makapisozi a anthu n'kuthira m'madzi chitopa chikabuka. Chitopa ndi vairasi. Choteteza ndi katemera, monga wa I-2 wodonthezera m'diso. Mankhwala othiridwa mwachisawawa amaswetsa Salmonella, Campylobacter ndi E. coli osamva mankhwala m'matumbo a nkhukuzo, ndipo amatuluka ndi zitosi kupita kudimba, m'madzi ndi pa nyama imene mukugulitsa.

Funsani alangizi a ziweto musanathire kanthu. Pa paketi pamalembedwa masiku oyenera kudikira kuchokera pamene mwasiya mankhwala kufika pozinga nkhuku kapena kugulitsa mazira ndi mkaka. Masiku amenewo si okongoletsa paketi. Chiweto chofa chokha musadye kapena kugulitsa, ngakhale mtima ukuwawa ndi ndalama.

Ndilibe firiji, ndipo amene ali nayo magetsi amazimazima. Mkute tizitaya?

Kutaya chakudya m'nyumba zathu n'kovuta, ndiye tinene zotheka. Mabakiteriya amaswana kwambiri pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo malangizo a WHO ndi akuti chakudya chophika chisakhale pamtetete kupitirira maola 2. Ngati firiji palibe, phikani zokwanira kudya nthawi imodzi, makamaka mpunga, nyama, nsomba ndi ndiwo zotendera. Zotsala muziwiritse mpaka zibwate paliponse, osati kungofunditsa pamwamba, ndipo muchite zimenezi musanadye. Dziwani kuti poizoni wa mu mpunga wogona safa ndi moto, choncho mpunga umene wagona panja usiku wotentha ndi wotaya. Phala la mwana likhale lophika kumene nthawi zonse. La mufulasiki kuyambira m'mawa mpaka madzulo ayi.

Magetsi akazima, firiji musamaitsegule. Yotseka imasunga kuzizira kwa maola pafupifupi 4. Nyama imene yasungunuka n'kufunda isabwererenso mu ayezi. Nkhuku ipse mpaka pafupa, madzi ake asakhale ofiira, ndipo nyama yaiwisi izikhala pansi pa zakudya zina kuti isadonthezere.

Nanga pa chiwaya ndi m'malesitilanti ndidziteteze bwanji?

Chipisi ndi nyama zochoka m'mafuta owira inu mukuona sizikhala ndi vuto kwenikweni. Ngozi ili pa zimene zimabwera pambuyo pake: kabichi ndi tomato wosaphika, tsabola wa m'botolo amene wakhala masiku, nyama yokazingidwa kale n'kuunjikidwa m'mbali mwa chiwaya, ndi mbale zotsukidwa m'ndowa imodzi kuyambira m'mawa. Pemphani kuti nyamayo aibwezere m'mafuta. Onani ngati wolandira ndalama ndi yemwenso akugwira chakudya ndi manja. Mafilizesi ndi thobwa n'zabwino malinga ndi madzi amene apangira, ndiye m'nyengo ya kolera gulani kwa amene mukudziwa kuti amawiritsa kapena kuthira klorini.

Posamba m'manja, beseni limodzi loyenda kuyambira kwa bambo mpaka kwa mwana wamng'ono limasiyira womalizayo litsiro la onse. Thiriranani madzi ndi jagi, ndi sopo, ndipo pafupi ndi chimbudzi pakhale mpondagiya wokhala ndi madzi, osati wongoonetsa alangizi akabwera.